Makapu a pakati a njinga yakale ya Raleigh, apezeka kuti kuno ku Angónia?

Akuluakulu odziwa njinga, ndithandizeni. Pali Raleigh yakale pano ku Ulongwe, ija ya mabuleki achitsulo okoka limu cha m'kati, ya matayala a 28 x 1½, masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo. Filemu ikadali yolimba, sinawotcheredwepo paliponse.

Vuto lili pakati, pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo. Kapu ya kumanzere (chitsulo cholowa ndi mazinga mu filemu, momwe mumazungulira mabolo) yadyeka, mabolo akumba kanjira, ndiye popalasa ikugogoda ngakhale mutathira girizi watsopano ndi mabolo 11 a 1/4 inchi mbali iliyonse. Makapu a njinga za Hero ndi Phoenix amene ali mbwee m'misikamu amalowa pang'ono n'kuima, chifukwa mazinga ake ndi 24 pa inchi pamene Raleigh yakale ili ndi 26. Kukakamiza ndi sipanala n'kupha filemu, ndipo amakaniko ena amachitadi zimenezo.

Kodi alipo amene akudziwa kopezeka kapu ya mazinga 26, ngakhale yochotsa pa njinga yakufa? Kaya ndi mumzinda wa Tete, kaya ku Lizulu kapena ku Dedza podzera pa Calomue, ingonenani. Nanga amene munadulitsapo mazinga atsopano a 24 pa filemu yotere, kapu inagwira kapena inkamasuka mukanyamula thumba la mbatatesi pa kaliyala?

Chinanso ndi kotapini, zitsulo zomangira mikono ya mapedulo ku ekiselo. Za 9 mm zikulowerera mpaka nati kuthera mazinga osamanga kanthu. Za 9.5 mm zikugulitsidwa kuti?