Za phulusa mu konkire zija, ndayesa

Mwezi wa Ogasiti ndinafunsa ngati ndingachepetse simenti poika phulusa mu konkire ya ulusi wa khonje, pansi pa khola la nkhumba kwathu ku Santhe, ku Kasungu. Ambiri munati ndiyambe ndayesa pang'ono. Zikomo, ndinamvera.

Phulusalo likanakhala la mankhusu a mpunga, koma kuno ngosowa, choncho ndinatentha zitsononkho. Phulusa loyamba linatuluka lakuda, lamakalamakala, ndinalitaya. Lachiwiri linapsa mpaka kuyera, ndinalisinja mumtondo n'kulisefa ndi sefa ya ufa. Pa ndowa 10 zilizonse za simenti ndinachotsapo imodzi n'kuikapo phulusa. Khonje ndinadula tifupitifupi ngati chala, n'kumawaza pang'onopang'ono, chifukwa ukathira lonse pamodzi limapanga mfundo.

Sabata yoyamba mtima unali m'mwamba: ndikakanda ndi msomali, mbali ya phulusa inkafumbutuka kuposa ya simenti yokha. Amisiri anati, "Achimwene, musafulumire, thirirani." Ankanena zoona. Simenti ikakumana ndi madzi imatulutsa laimu, ndipo silika wa m'phulusa, chinthu chimene chimapezekanso mumchenga, amagwirana ndi laimuyo mwapang'onopang'ono mpaka kulimba. Laimu yemweyo ndi amene amafooketsa khonje pakapita zaka, ndiye akachepa ulusi umakhalitsa. Mfundo imeneyi ndi imene yandikoka mtima kuposa ndalama zimene ndapulumutsa.

Ndinafunditsa masaka onyowa, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Patatha masiku 28 msomali sukulowanso, ming'alu palibe.

Amene munafunsa za kuika khonje mu silabu ya chimbudzi, chonde musachotse zitsulo. Khonje limangoletsa ming'alu, silinyamula munthu pamwamba pa dzenje.