Andilembera mankhwala othandiza kutenga pathupi, koma ndili ndi mantha komanso nkhawa ya ndalama

Mayi wa ku Chilomoni analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo kale m'njira imeneyi. Ndili ndi zaka 34 ndipo ndakhala pabanja zaka 6 popanda mphatso. Poyamba tinkangoti Mulungu ali ndi nthawi yake, kenako azakhali anga anayamba kundibweretsera mizu yothira m'phala, mpaka chaka chino pamene ndinalimba mtima n'kupita kwa dokotala wa matenda a amayi. Anandijambula chiberekero atathiramo mankhwala amadzi, kuyeza kumene amakutcha HSG, ndipo anapeza kuti chubu cha kumanja chodutsamo mazira popita m'chiberekero n'chotsekeka pomwe cha kumanzere chili bwino. Anandiuzanso kuti mazira anga sakhwima mwezi uliwonse, n'chifukwa chake msambo wanga umatha kudumpha miyezi iwiri.

Sabata yatha anandilembera mapiritsi a letrozole oti ndizimwa masiku 5 msambo ukangoyamba, ndipo anati zikakanika patapita miyezi ingapo tidzakambirana za IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi kenako n'kuika mluza m'chiberekero. Mapiritsiwo ndinagula, koma nditafika kunyumba n'kuwerenga kapepala ka m'kabokosi ndinaona kuti akunena za khansa ya m'mawere, moti mpaka lero ali m'chikwama osatsegula. Kodi mankhwala amenewa ndi oyeneradi? Chachiwiri, amuna anga sanayezedwe, akuti vuto lapezeka kale mwa ine ndiye palibe chifukwa chowonongera ndalama zina. Chachitatu, zoyezayeza zokhazi zatidyera ndalama zimene tinkasungira malata, ndipo inshuwalansi ya kuntchito kwanga yakana kulipira. Kodi ndi nzeru kutenga ngongole panopa pokonzekera IVF?

Namwino wopuma ntchito anayankha:

Mwana wanga, pa za kapepalako mtima ukhale m'malo. Letrozole anapangidwadi poyamba ngati mankhwala a khansa ya m'mawere, n'chifukwa chake kapepalako kakunena zimenezo, koma madokotala padziko lonse amawagwiritsanso ntchito pothandiza mazira kukhwima, makamaka kwa amayi amene msambo wawo umadumphadumpha. Wodwala khansa amamwa tsiku lililonse kwa zaka, pomwe inu mukumwa masiku 5 okha pamwezi. Ena amamva mutu, chizungulire, kutopa kapena kutentha thupi mwadzidzidzi, ndipo zimenezi zimatha mapiritsi akatha. Chimene simuyenera kuphonya ndi tsiku lokajambulitsa sikani, chifukwa ndi pamene dokotala amaona ngati dzira lakula, ndi mazira angati, komanso mbali iti. Kwa inu mbaliyo ndi nkhani yaikulu, popeza mwezi umene dzira lakhwimira kumanzere, kumene chubu chili chotseguka, mwayi umakhala wokulirapo. Yambaninso kumwa mapiritsi a vitamini wotchedwa folic acid tsiku lililonse musanatenge pathupi, ndipo mukadzangodziwa kuti mwaima mudzapite msanga kukajambulitsa, chifukwa mayi amene chubu chake chinavulalapo ali pachiopsezo chakuti mimba ikhale m'chubu m'malo mwa m'chiberekero.

Koma chimene chandikhudza kwambiri ndi nkhani ya bambo a kunyumbawo. Pa mabanja amene akuvutika kubereka, pafupifupi theka amapezeka kuti mbali ya abambo ilinso ndi vuto, kaya payokha kapena pamodzi ndi ya amayi, choncho kupezeka kwa vuto mwa inu sikukutanthauza kuti iwo ali bwino. Kuyeza umuna n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi zimene mwalipira kale, sikupweteka, ndipo kumangofuna kuti adzisunge masiku 2 mpaka 7 asanapereke. Zotsatira zikakhala zosasangalatsa amabwerezanso pakapita miyezi ngati itatu, chifukwa mbewu ya abambo imatenga nthawi yotalika choncho kuti ipangike, ndipo ngakhale malungo aakulu amatha kuichepetsa kwa kanthawi. Ndinaonapo amayi ambiri akumwa mapiritsi mwezi ndi mwezi, akulira pa msambo uliwonse, n'kudzapezeka patapita chaka kuti mbewu ya mwamuna inali yochepa kuyambira pachiyambi. Ndalama ndi miyezi yotayika motero zimandipweteka mtima mpaka lero, makamaka kwa mayi amene akuyandikira zaka 35, pamene mphamvu ya mazira imayamba kutsika mofulumira. Ngati inu kapena iwo munakulira kunyanja kapena kumadambo, mutchulenso za likodzo kwa dokotala, chifukwa limatha kuwononga njira za uchembere ndipo mankhwala ake, praziquantel, amapezeka.

Bambo wa ku Kasungu anayankha:

Mayi, ine ndinali ngati amuna anuwo. Ndinakana kwa zaka 3, ndipo kunena zoona sikunali kuumira ndalama ayi, koma mantha akuti anthu adzati ndinagwa m'papaya. Mkazi wanga ankanyozedwa ndi alongo anga ine ndili chete, ndipo zimenezi ndimachita nazo manyazi mpaka pano. Chimene chinandisintha n'chakuti dokotala anandiitana yekha, n'kundiuza kuti sapitiriza kupereka mankhwala kwa mkazi wanga asanaone zotsatira zanga. Mawu omwewo akanachokera kwa mkazi wanga ndikanawamva ngati mlandu, koma atachokera kwa dokotala ndinawamva ngati lamulo la chipatala. Ndinapezeka ndi mitsempha yotupa kumaliseche, imene amaitcha varicocele, ndipo anandichita opaleshoni. Pemphani dokotala wanu alembe kakalata koitana bambowo, ndipo achibale asadziwe za tsikulo.

Mayi wa ku Johannesburg anayankha:

Achemwali, ine ndiyankha za ndalama chifukwa ndinachita IVF kawiri kuno ku South Africa. Choyamba, simunafike pamenepo, ndipo mwina simudzafikapo n'komwe popeza chubu chimodzi chikugwira ntchito. Kutenga ngongole lero chifukwa cha chinthu chimene mwina chingadzafunike chaka chamawa n'kuyamba kulipira chiwongoladzanja pachabe, ndipo za katapila zokha ndikukupemphani kuti musayerekeze. Ngati pali chimene mungapatule pamwezi, sungani pang'onopang'ono, kaya ku banki mkhonde kapena kwina kumene simungazitape msanga.

Koma tsiku limenelo likadzafika, mudzadziwe kuti mtengo umene amatchula pafoni si wonse. Ife tinauzidwa mtengo wa kuchotsa mazira ndi kubwezera mluza m'chiberekero, tinasangalala kuti tikwanitsa, koma majekeseni okulitsa mazira, amene ndinkadzibaya ndekha pamimba kwa masiku oposa 10, anali ndi bilu yawoyawo ndipo inali yaikulu. Panalinso kuyeza magazi, sikani ya masiku angapo alionse, dokotala wogonetsa tulo pa tsiku lochotsa mazira, ndiponso ndalama yosungira miluza yotsala mufiriji yawo chaka ndi chaka. Kwa wochokera ku Malawi muwonjezere ndege kapena basi, malo ogona kwa masabata atatu kapena kuposerapo, tchuthi cha kuntchito, komanso vuto lopeza ndalama zakunja, poti mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankasunga makwacha poyembekezera kukalipira marandi anangoona ndalama zawo zitafupika. Mudzapemphe mtengo wolembedwa papepala, wotchula chilichonse, ndipo mudzafunse kuti mwa amayi a msinkhu wanu amene anathandizidwa pamalopo ndi angati anabereka mwana wamoyo, osati angati anangotenga pathupi.

Ulendo woyamba unakanika. Ndinadikira masabata awiri ndikuyenda monyang'ama ngati ndasenza mtsuko wodzaza, kenako magazi anaonetsa kuti palibe kanthu, ndipo ndinagona masiku atatu osadya. Palibe anandikonzekeretsa kuti IVF imakanika kawirikawiri ngakhale zonse zitachitika bwino. Chimene chinapulumutsa banja lathu n'chakuti tisanayambe tinakhala pansi ndi amuna anga n'kugwirizana kuti tidzayesa kawiri kokha, ndipo nyumba ya kumudzi sitidzagulitsa zivute zitani. Tinalemba zimenezi m'kope n'kusainira tonse awiri, chifukwa tinkadziwa kuti munthu akalira amatha kulonjeza chilichonse. Ulendo wachiwiri anandibwezera mluza umene unasungidwa, mtengo wake unali wotsikirapo popeza panalibenso kuchotsa mazira, ndipo mwana wathu wamkazi ali ndi zaka 4 tsopano. Komabe mnzanga amene tinkakhala naye pa benchi imodzi anayesa katatu osaphula kanthu, ndipo iye sanalakwitse kalikonse.

Mayi wa ku Chilomoni anayankhanso:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi anamwino, chifukwa kapepala kaja kanandisowetsa tulo usiku wambiri. Ndinaimbira dokotala wanga lero m'mawa ndipo wavomera kulemba kalata yoitana amuna anga, komanso wati palibe choipa kudikira zotsatira zawo tisanayambe mapiritsi, popeza msambo wanga sunafike. Za likodzo ndinali ndisanamuuzepo, pomwe ndinakulira ku Mangochi ndipo tinkasamba m'nyanja tsiku lililonse, choncho wati ndikaperekenso mkodzo Lachinayi. Fomu ya ngongole imene ndinatenga kuntchito ndaibweza osalemba. Achemwali a ku Johannesburg, ndifunseko chimodzi: pamene munkalandira thandizoli apongozi anu munawauza, kapena munadikira mpaka mimba itaoneka? Anga akubwera kudzacheza kumapeto kwa mwezi uno, ndipo funso lawo loyamba akangokhala pampando ndikulidziwa kale.