Kutsuka filimu ya 4x5 m'mathireyi: mizere yokandika yandisowetsa mtendere

Wa_ku_Mufakose:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukutsuka filimu ndi manja. Malume anga anandisiyira kamera yaikulu yamatabwa yogwiritsa filimu ya 4x5 (mainchesi 4 ndi 5 kukula kwake), ndipo ndasandutsa bafa la kunyumba kuno kukhala chipinda chamdima potseka zenera ndi mabulangete. Ndimagwiritsa ntchito filimu ya Ilford HP5 Plus ndi developer (mankhwala otulutsa chithunzi) wa ID-11 wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, ndipo ndimaika mafilimu anayi nthawi imodzi m'thireyi ya 5x7. Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti pafupifupi negetivu iliyonse imatuluka ndi mizere yokandika, komanso m'mphepete mumada kuposa pakati, moti thambo limaoneka lamawangamawanga. Filimuyi imachokera ku Johannesburg ndipo ndi yodula, choncho sindikufuna kuononganso ina. Kodi ndikulakwitsa pati?

Agogo_a_ku_Highfield:
Mwanawe, mavuto ako ndi awiri ndipo aliyense ali ndi gwero lake. Za m'mphepete n'zosavuta: thireyi yachepa, mankhwala akamenya khoma amabwerera mwamphamvu n'kutsuka m'mphepete mopitirira. Tenga thireyi ya 8x10 ndipo uthire mankhwala osachepera lita imodzi.

Koma za kukandika zimafuna kudekha. Filimu ikanyowa, mbali ya emulsion, imene imagwira chithunzi, imafewa kwambiri, ndipo chimene chimaikanda kawirikawiri ndi kona ya filimu inzake pamene ukuchotsa yapansi kuti uiike pamwamba. Ine ndinagwira ntchito mu studio ina m'tauni muno zaka zambiri, ndipo amene anandiphunzitsa sanandilole kukhudza filimu yabwino ndisanathe sabata yathunthu ndikuyeserera ndi mafilimu oonongeka m'madzi wamba, poyamba magetsi akuyaka, kenaka nditatsinzina. Iwenso uchite chimodzimodzi ndi aja anakandikawo. Uzisolola filimu yapansi mpaka ituluke yonse, uinyamule, kenaka uigoneke pamwamba pa mankhwala mofanana mbali zonse, osati kuilowetsa chakona, ndipo uikankhire pansi ndi nsonga zofewa za zala. Usanaike mu developer, uyambe waviika m'madzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, imodzi imodzi, chifukwa mafilimu ouma akakumana m'mankhwala amamatana, ndipo powalekanitsa ndi pamene chithunzi chimafera. Mumdima mbali ya emulsion uidziwa ndi timano tochekedwa pakona ya filimu: ukaimika filimu chotalika, timanoto tili kumwamba kudzanja lamanja, ndiye kuti emulsion yakuyang'ana. Ndikukulangiza kuti pakali pano uzitsuka imodzi yokha, ngakhale usiku utalike.

Mayi_wa_ku_Dzivarasekwa:
Zimene anena agogowo ndi zoona, koma achimwene musaiwale kutentha. Nthawi ya mphindi 13 imene Ilford imapereka pa HP5 Plus ndi ID-11 wosakaniza chotere ndi ya madigiri 20, ndipo kampaniyo imalangizanso kuchepetsako nthawiyo mpaka ndi 15 peresenti ngati mukugwedeza mosalekeza monga timachitira m'thireyi. Kuno ku Harare mwezi wa October madzi a m'thanki amapitirira muyezo umenewo, zala zanu nazonso zimatenthetsa mankhwala, ndipo emulsion yofunda imakandika msanga. Ine ndimakhazika thireyi ya developer m'beseni la madzi ozizira, ndikuponyamo ayezi pang'ono, n'kuyeza ndisanazimitse magetsi. Mu June ndi July zimakhala zosiyana, pamafunika madzi ofunda. Chonde muzivala magolovesi opyapyala a nitrile, chifukwa ID-11 ali ndi mankhwala otchedwa metol amene amayabwitsa khungu la anthu ena, ndiponso magolovesi amaphimba zikhadabo. Ngati mumatunga pamjigo, madzi otsukuluzira komaliza akhale osefa bwino, popeza tinthu tamchenga timakandanso ndipo madzi ena amasiya madontho oyera filimu ikauma.

Mjambuli_wa_ku_Mbare:
Ndikusiyana pang'ono ndi agogo pa mfundo yotsuka imodzi yokha, chifukwa kwa munthu amene wajambula mafilimu khumi zimenezo n'zolemetsa, ndipo mankhwala amawonongeka ambiri. Ine ndimatsuka anayi, emulsion itayang'ana pansi, m'thireyi yokhala ndi mizere pansi pake, ndipo ndimazungulira mulu wonse pa masekondi 30 alionse. Ena amayang'anitsa emulsion kumwamba, ndipo njira zonse ziwirizi zili ndi ozikhulupirira. Musayatse nyali yofiira ija yogwiritsa ntchito potsuka zithunzi zapamapepala, pakuti filimu iyi imaona kuwala kwa mtundu uliwonse. Magetsi ayake pokhapokha filimu itakhala kale mu fixer (mankhwala okhazikitsa chithunzi) kwa mphindi zingapo.

Wa_ku_Mufakose:
Zikomo kwambiri nonsenu. Ndazindikira kuti sindinkaviika m'madzi poyamba, ndipo ndikukumbukira bwino kuti mafilimu awiri anamatana ndipo ndinawalekanitsa mokakamiza. Loweruka ndikagula thireyi zazikulu, ndipo ndiyamba ndi imodzi imodzi monga anenera agogo, mpaka manja atazolowera. Mayi, kodi beseni lanulo mumalisiya pansi pa thireyi nthawi yonse yotsuka, kapena mumalichotsa mankhwala akafika pa madigiri 20?