Ndiwaphunzitse bwanji ophunzira kuzindikira miyala?

Wofunsa (dzina labisidwa): Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, ndipo ngakhale ku koleji ndinachita mbiri yakale, chaka chino andisenzetsa jogalafe chifukwa mwini phunzirolo anasamutsidwa, nkupita ndi buku lokhalo limene linali ndi zithunzi. Ahedi akana kupereka ndalama ya ulendo, chonsecho ikakhala ya mpira imapezeka tsiku lomwelo. Ndinatuma ana kukatola miyala, moti yadzaza ndowa mu ofesi ndipo anzanga akudandaula fumbi, koma ineyo sindikutha kusiyanitsa mwala wa igneous (wochokera ku chiphala), wa sedimentary (wa zinthu zomatana monga mchenga ndi matope) ndi wa metamorphic (wosinthidwa ndi kutentha ndi kupanikizika). Oyendera sukulu akubwera Lachinayi. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wopuma ntchito: Achimwene, miyala siphunzitsidwa pa bolodi. Ife tinkakwera ndi ana phiri la Mulanje kuti agwire okha syenite ndi granite, aone timakhiristo tikuluma pamodzi, amvetse kuti mwalawo unali chiphala chimene chinazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. Aphunzitsi a lero mukufuna zonse zibwere pa foni.

Mayi wa ku Balaka: Bambo, munthuyu wanena kale kuti ndalama ya ulendo palibe. Aphunzitsi, miyalayo ana anaitola kuti, ndipo ikuoneka motani? Ya mumtsinje ndi ya pamsewu zimasiyana. Poyembekezera yankho lanu, gulani viniga, mupale mwala pang'ono ndi msomali ndi kudonthezera pa ufawo. Ukachita thovu, muli njereza, ndiye kuti ndi limestone kapena marble.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Viniga ndi wa mu tchipisi, mayi. Chofunika ndi hydrochloric acid wothira madzi, ndipo sukulu yopanda zimenezi isamadzitche sekondale.

Mphunzitsi wa fizikisi: Asidiyo musandikumbutse. Mwana wina anandidonthezera pa thalauza langa latsopano, ndipo mpaka lero palibe anandipepesa. Aphunzitsi, yesani kulimba potsata sikelo ya Mohs, imene nambala ikamakula ndiye kuti chinthucho ncholimba kwambiri: chikhadabo chili pa 2.5, galasi pafupifupi 5.5, pamene quartz ili pa 7, nchifukwa chake nsangalabwi yoyera ija imakanda botolo.

Mnyamata wa migodi: Musanataye ndowayo muione bwino, mwina muli ruby ngati wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, musiye choko mugule galimoto. Dziko lino lili ndi malasha ku Mchenga, uranium ku Kayelekera, rare earths ku Kangankunde, koma ana athu akuloweza matanthauzo basi.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Sikelo ya Mohs ndi ya maminero, si ya miyala, ndipo kusokoneza ziwirizi ndi kumene kumagwetsa ana pa MSCE. Mwala umodzi wa granite uli ndi quartz, feldspar ndi mica, tsono mukanda uti? Kapitani ku Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala, ku Zomba mukaone zenizeni.

Mayi wa ku Balaka: Ku Zomba pofika Lachinayi, bambo? Aphunzitsi, tsukani miyalayo, muiswe ndi hamala kuti ana aone mkati, chifukwa kunja kumakhala kofwifwa ndi dzuwa ndi mvula. Wokhala ndi mchenga womatana umene ukuyoyoka poukhula ndi chala ndi sandstone, pamene wa mizere yoyera ndi yakuda yopindikapindika nthawi zambiri ndi gneiss. Koma tiuzeni kaye kumene anaitola.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ahedi tsopano akuti ndowayo ndi ya okolopa, ndiibweze mawa.