Kodi nambala za galimoto zikatha amatani?

Anzanga, ndithandizeniko maganizo. Dzulo ndimawerengetsera ndipo ndinapeza kuti nambala yokhala ndi zilembo zitatu ndi manambala atatu ingakwanire galimoto 17,576,000 basi. Chiwerengerochi chimatsikanso, poti mayiko ambiri amasiya I ndi O chifukwa zimafanana ndi 1 ndi 0, komanso amachotsa zilembo zimene zikalumikizana zimatulutsa mawu otukwana.

Tsono zikatha zonse amatani? Amawonjezera chilembo china, amatembenuza ndondomeko kuti manambala akhale poyamba, kapena amatenga nambala za galimoto zimene zinaphwasulidwa n'kupatsa zatsopano? Njira yomalizayi ine ndikuikayikira, chifukwa mwini watsopano akhoza kumavutikira milandu ya mwini wakale.

Ku Britain anasintha ndondomeko mu 2001, koma galimoto zakale zinatsala ndi nambala zawo. Kodi kwina nako zimakhala choncho? Amene mukudziwa tandiuzaniko.