Ngozi ya pamadzi ikachitika, tigule boti latsopano kapena tikonze amene alipo?

Sipanala58

Ndinagwira ntchito yaumakaniko zaka 19 pa maboti olondera ndi kupulumutsa anthu pamadzi. Pano ndinapuma, koma usiku wina umandibwererabe. Uthenga unalowa pa wailesi kuti boti lonyamula anthu latembenuzika. Padoko tinali ndi maboti atatu. Loyamba linali pamtunda, kudikira pampu yoziziritsira injini imene tinaitanitsa miyezi isanu m'mbuyomo. Lachiwiri ndi limene tinkamasulako zitsulo kuti lachitatu liziyenda. Lachitatulo linalira bwinobwino, koma dizilo anali wa maola awiri okha. Tinavuula amene tinawapeza, n'kubwerera kudoko tikudziwa kuti ena akadali m'madzi.

Chaka chotsatira akuluakulu anatibweretsera boti latsopano, lophathima, anthu n'kuwomba m'manja. Injini yake inali ya mtundu wina, moti ngakhale fyuluta ya oyilo sinkagwirizana ndi za maboti akale aja. Pampu ija mpaka ndinapuma ntchito isanafike.

Ndiye ndifunse nawo. Kodi ndi kwathu kuntchito kokha kumene zinkayenda chonchi? Kumayiko amene ali ndi ndalama, ngozi ikachitika amasintha chiyani chenicheni?

MayiWaKalasi

Bambo, musaganize kuti olemera sizimawaonekera. Dziko la America lili ndi sitima yothyola madzi oundana, Polar Star, imene inayamba ntchito mu 1976. Inzake yofanana nayo, Polar Sea, injini zake zinawonongeka mu 2010, ndipo kwa zaka zambiri akhala akumasulako zitsulo kuti Polar Star iziyenda. N'chimodzimodzi boti lanu lachiwiri lija, kungoti iyi ndi yaikulu. Anayesaponso kutalikitsa maboti olondera a mafiti 110 kuti afike mafiti 123. Atatalikitsa asanu ndi atatu, matupi a mabotiwo anayamba kupindika ndi kung'aluka, ndipo mu 2006 anawaimitsa onse.

Koma imene imandiwawa ine, monga mphunzitsi, ndi ya sitima ya Sewol ku South Korea. Inamira pa 16 Epulo 2014, anthu 304 anafa, ndipo 250 mwa iwo anali ana a sukulu ya sekondale ya Danwon. Boti lolondera linafika sitimayo isanamire, linali lamoyo, dizilo analimo. Koma ana anali atauzidwa kuti akhale m'kati asasunthe, ndipo opulumutsawo sanawalamule mokwanira kuti atuluke. Kaputeni wa sitimayo ndiye anali m'gulu la oyamba kuvuulidwa. Pulezidenti Park Geun-hye anathetsa gulu lonse lolondera magombe chaka chomwecho, ntchito yake n'kuiika pansi pa unduna wina. Mu 2017 boma la pulezidenti wotsatira linalibwezeretsa. Mwina kunali kuziziritsa mitima ya makolo, koma ine sindiona chimene kusintha dzina pachipata kunaphunzitsa munthu woima pa boti.

Nangula

Akulu, ndikukumvani, koma musanyoze kwambiri zatsopano. Boti likakalamba limadya ndalama ngati njovu m'munda, ndipo limafika poti masiku okhala pamtunda amaposa okhala pamadzi. Vuto si kugula, vuto ndi kagulidwe: kugula limodzilimodzi, lililonse mtundu wakewake, opanda masipeya, opanda kutumiza makaniko kukaphunzira injiniyo.

Komanso zilipo ngozi zimene zinasinthadi zinthu. Mu Febuluwale 1983 sitima yonyamula malasha ya Marine Electric inamira kufupi ndi Virginia ku America. Mwa anthu 34 anapulumuka atatu. Helikopita inafika, inatsitsa dengu lokwezera anthu, koma ambiri anali atauma ndi kuzizira moti sakanatha kulowamo okha. Apa ndi pamene gulu lolondera magombe la ku America linayambitsa maphunziro a osambira opulumutsa anthu, amene amatsika mu helikopita n'kulowa m'madzi kukamugwira munthuyo. Kafukufuku anapezanso kuti zivundikiro za malo osungira katundu zinali zitadyeka ndi dzimbiri, ndipo sitima zambiri zakale za nthawi ya nkhondo yachiwiri anazichotsa pamadzi.

WoyenderaSitima

Nonse mukukamba za boti lopulumutsa, koma likamanyamuka ndiye kuti zinthu zalakwika kale. Sewol ija inali itawonjezeredwa zipinda pamwamba, katundu anali wopitirira muyeso ndiponso wosamangidwa bwino, ndipo madzi olemeretsa pansi pa sitima anali atachepetsedwa. Zonsezo zimaoneka sitima ikadali padoko, ngati woyendera sitima (wofufuza ngati ili bwino) akuloledwa kunena kuti iyi sinyamuka, mwini sitimayo osaimbira foni bwana wa woyenderayo.

Sitima ya Herald of Free Enterprise inanyamuka padoko la Zeebrugge ku Belgium mu Malichi 1987 zitseko zakutsogolo zili chitsegukire, anthu 193 n'kufa. Woyenera kutseka anali mtulo, ndipo kaputeni analibe nyale yomuuza ngati zatsekedwa. Ngoziyi inathandiza kubala lamulo la ISM Code, lonena kuti kampani yomwe, osati kaputeni yekha, ilembe ndi kutsatira dongosolo la chitetezo. Ngakhale pangano la mayiko loteteza miyoyo panyanja la SOLAS linayamba mu 1914 chifukwa cha kumira kwa sitima ya Titanic. Zomvetsa chisoni n'zakuti malamulo a mtundu umenewu amakhudza makamaka sitima zodutsa malire a mayiko. Zoyenda m'dziko momwemo zimadalira boma lake, ndipo Le Joola ya ku Senegal, imene inapha anthu oposa 1,800 mu 2002, inali ya boma lomwelo.

Sipanala58

Zikomo nonse. A Nangula, apo pa kagulidwe mwalasa. Akanatifunsa ife a m'chipinda cha injini, tikanapempha boti la injini yofanana ndi atatu aja, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku masipeya ndi thanki ya dizilo yosakhudzidwa ndi munthu pokhapokha wailesi italira. Mayi, za Sewol zandikhudza, chifukwa nafenso pa zaka 19 zonsezo tinayeserera kuvuula munthu usiku kawiri kokha, ndipo kawiri konseko kunali alendo.

A WoyenderaSitima, ndikufunseni ichi: kumene munagwirako, lipoti la kafukufuku wa ngozi linkafika m'manja mwa ogwira ntchito padoko? Ife la usiku uja sitinalionepo.