Teams pa Ubuntu, Mac ndi Windows: aliyense ali ndi vuto lakelake, bodi ikumana Lolemba

Mlonda wa Seva: Anzanga, ndithandizeni chifukwa nthawi yandithera. Ofesi yathu ya ku Lilongwe ili ndi makompyuta osakanikirana: ambiri ndi malaputopu a Windows 11 a RAM ya 4 GB, asanu ndi awiri a ku dipatimenti ya mapu ali pa Ubuntu 22.04 (mtundu wa Linux), ndipo abwana awiri ali ndi MacBook. Lolemba lililonse timakumana pa Teams, pulogalamu ya Microsoft yochitira misonkhano pa intaneti, ndi anzathu a ku Mzuzu ndi ku Blantyre. A Ubuntu akalowa kudzera pa Chrome mawu amamveka bwinobwino, koma akati aonetse sikirini, anzawo amangoona mdima ndi kamuvi ka mausi kakuyendayenda. A Windows chithunzi chimauma munthu ali chiyasamire, fani n'kumalira ngati chigayo. Dzulo abwana anandiitana msonkhano uli mkati chifukwa MacBook yawo inawapemphanso chilolezo choonetsera sikirini chimene anapereka kale. Ndafufuta cache, ndaikanso Chrome, koma palibe chasintha, ndipo Lolemba likubwerali ndi msonkhano wa bodi.

Kabulo wa Buluu: Achimwene, musanakhudze kompyuta ina iliyonse pitani pa firewall, chotchinga chimene chimasankha zolowa ndi zotuluka pa netiweki. Mawu ndi zithunzi za Teams zimayenda pa UDP (njira yotumizira deta imene sidikira zotayika), ma port (makomo a netiweki) 3478 mpaka 3481, ndipo akakhala otseka zonse zimathithikana pa TCP 443, pamene paketi imodzi ikatayika zinzake zimaima kudikira kuti itumizidwenso. Kuuma kwa chithunzi kumachokera pamenepo.

Nachisale wa Linux: Za mdima wa pa Ubuntu sizikukhudzana ndi netiweki. Ubuntu 22.04 imayamba ndi Wayland, dongosolo latsopano loonetsera zinthu pa sikirini, ndipo Wayland salola pulogalamu kujambula sikirini yokha monga zinkachitikira pa Xorg, dongosolo lakale. Iyenera kupempha kudzera pa xdg-desktop-portal, kapulogalamu kofunsira chilolezo, chithunzicho n'kudutsa mu PipeWire, pulogalamu yonyamula mawu ndi zithunzi. Lembani echo $XDG_SESSION_TYPE pa terminal, ndipo ikayankha kuti wayland, onani ngati xdg-desktop-portal-gnome ilimo, chifukwa makompyuta oikidwa kuchokera pa image (kope loikira Ubuntu) imene wina anaidula kuti ipepuke nthawi zambiri amakhala alibe. Chizindikiro chake n'chakuti munthu akadina batani loonetsa sikirini, kawindo ka GNOME (desktop ya Ubuntu) kofunsa kuti aonetse chiyani sikatuluka. Pofuna kupulumutsa Lolemba lokha, tulukani mu akaunti, dinani kagiya kali m'munsi kudzanja lamanja, musankhe Ubuntu on Xorg. Koma musayese mwamaliza ntchito, chifukwa Ubuntu 25.10 inachotsa kale chisankho chimenechi pa GNOME, kotero tsiku limene mudzakweze makompyutawo mdimawo udzabweranso.

Kabulo wa Buluu: Achemwali, sindikukana za Wayland, koma anthu asanu ndi awiri si ofesi yonse. Ambiri ali pa Windows, ndipo vuto lawo ndi UDP.

Wa Helpdesk ku Zomba: Ine ndinataya milungu iwiri pa nkhani yofanana ndi imeneyi. Mkulu wathu wa zachuma ankadandaula kuti msonkhano ukangoyamba mawu amamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini, pamene nyimbo pa mahedifoni omwewo zinkamveka bwino. Ndinasintha ma driver, ndinasintha laputopu, mpaka ndinakwera padenga kukaona antena. Kenako ndinazindikira kuti mahedifoni a Bluetooth akatsegula maikolofoni amachoka pa A2DP (njira ya mawu abwino a nyimbo) n'kupita pa HFP, imene mawu ake ndi a foni wamba. Tinagula a waya a USB, nkhani inathera pomwepo. Tsono musathamangire kuganiza kuti zonsezi zili ndi gwero limodzi. Pa malaputopu a 4 GB aja, tsegulani Task Manager msonkhano uli mkati muone. Teams yatsopano imayenda pa WebView2 (injini ya Edge) ndipo ndi yopepukirapo kuposa yakale ija ya Electron, komabe mukaiphatikiza ndi Outlook, Excel, antivirus ndi Chrome ya matabu khumi, RAM imadzaza. Auzeni azimitse background blur, ndipo amene sakulankhula azimitse kamera.

Apulo Mmodzi: Za abwana anu, ngati ali pa macOS Sequoia, zimenezo n'zachibadwa: imafunsanso chilolezo chojambula sikirini pakapita nthawi. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. MDM, pulogalamu imene a IT amayang'anirira makompyuta a ofesi ali patali, singapereke chilolezochi m'malo mwa mwini wake. Chimene ingachite n'kulola munthu amene si admin kuti avomereze yekha. Komanso chilolezo chikaperekedwa koyamba, pulogalamuyo iyenera kutsekedwa n'kutsegulidwanso, zimene zikutanthauza kuti abwana adzatuluka mu msonkhano anthu akuona. Pitani kwa iwo m'mawa msonkhano usanayambe, muyesere limodzi.

Kabulo wa Buluu: Zonsezi n'zabwino, koma palibe amene wafunsa ngati a ku Mzuzu amalowa kudzera pa VPN, njira yotetezedwa yolumikizira ku netiweki ya ofesi. Ngati palibe split tunnelling (kulola za Teams kutuluka mwachindunji osadzera mu VPN), mawu awo amayamba abwera kaye ku Lilongwe asanatuluke kunja. Tsegulani Call health ya mu Teams msonkhano uli mkati, mundiwerengere packet loss (mapaketi otayika) ndi jitter (kusinthasintha kwa nthawi yofikira mapaketi), pamenepo tidzakambirana.

Nachisale wa Linux: Achimwene, manambala amenewo sangasandutse mdima kukhala mapu. Ndiwonjezerenso chenjezo kwa mwini funso: wina adzakuuzani kuti muike pulogalamu ya Teams ya pa Linux imene waipeza pa intaneti. Microsoft inasiya pulogalamu yake ya Linux mu Disembala 2022 n'kulozera anthu ku PWA (tsamba la intaneti loikidwa ngati pulogalamu) ya pa Edge kapena Chrome, kotero zimene zilipo tsopano n'zopangidwa ndi anthu odzipereka. Musalowetsemo maakaunti a kuntchito musanagwirizane ndi oyang'anira chitetezo.

Mlonda wa Seva: Zikomo nonse. Ndayang'ana kompyuta imodzi ya mapu, yayankhadi kuti wayland, ndipo kawindo kofunsa kaja sikakutuluka. Firewall sindiigwira ine, amaiyang'anira ndi kampani ina, ndipo ndawalembera. Ndiyesa zonsezi Lachisanu madzulo anthu akaweruka.

Wa Helpdesk ku Zomba: Lachisanu madzulo ayi, achimwene. Mukasintha zinthu zinayi nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo chikaonongeka china mudzachipeza Lolemba m'mawa a bodi atakhala kale pamipando. Yesani pa kompyuta imodzi Lachinayi. Konzaninso laputopu yapadera yolumikizidwa pa waya, yodzaza batire, chifukwa magetsi akathima Wi-Fi imafa kaye jenereta isanadzuke.

Kabulo wa Buluu: A firewall aja akayankha kuti zonse n'zotsegula, musakhutire ndi mawu okha. Apempheni akuonetseni rule yeniyeniyo, muone ngati yalembedwa UDP osati TCP yokha.

Wa Sukulu ya Ukachenjede: Pepani polowerera mochedwa. Ife tili pa Fedora, mtundu wina wa Linux, ndipo timagwiritsa ntchito Zoom, koma mdima wake ndi womwewo ngakhale portal ilimo. A Mlonda wa Seva, kodi Lolemba lija zinayenda bwanji?